Mmene mungayendere kachisi wa Tianhou ku Taipei, komwe Mazu akukhala limodzi ndi mmonke wa ku Japan

Pa msewu wa Chengdu, m'dera la Ximending mumzinda wa Taipei ku Taiwan, pali kachisi amene anthu ambiri amangomudutsa osamuona. Khomo lake ndi lopapatiza, lapanikizika pakati pa mashopu, ndipo munthu akamafika pamenepo maso amakhala atatengeka kale ndi zikwangwani zowala komanso chinamtindi cha achinyamata ogula zovala. Dzina lake ndi Taipei Tianhou, koma eni dera amangoti kachisi wa Mazu wa ku Ximending. Mwini nyumba ndi Mazu, mulungu wamkazi amene anthu a ku Taiwan amakhulupirira kuti amateteza oyenda panyanja. Chodabwitsa n'chakuti m'kati momwemo muli guwa la Kobo Daishi, mmonke wachibuda wa ku Japan, ndipo anthu a ku Taiwan amamufukizira lubani monga achitira ndi milungu yawo.

Kachisiyu ndi wamng'ono. Mutha kumuzungulira yense pa mphindi khumi n'kutuluka musanaone kalikonse ka ku Japan, chifukwa nyumbayo payokha ndi ya kamangidwe ka ku Taiwan kuyambira pansi mpaka padenga. Za ku Japan zili m'mbalimbali, ndipo amazipeza ndi amene walowa akudziwa chimene akufuna.

Choyamba: mapepala ndi ndalama

Viza ya ku China siigwira ntchito ku Taiwan, mufunika ya ku Taiwan komweko. Dziko la Malawi linali paubale wa ukazembe ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, ndipo chithereni ubalewo ku Lilongwe kulibenso ofesi ya kazembe wa dzikolo. Choncho amene ali ndi pasipoti ya Malawi afunse ku maofesi oimira Taiwan a m'mayiko ena, monga ku South Africa, ku Eswatini kapena ku London, nthawi ikadalipo. Ndalama ya kumeneko ndi dola ya ku Taiwan. Sinthani pang'ono pabwalo la ndege kuti mukhale ndi ndalama zapamanja, popeza bokosi la zopereka m'kachisi ndi ogulitsa zakudya mumsewu safuna za khadi.

Chachiwiri: dziwani mbiri musanafike pakhomo

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndiye musathamange. Zipembedzo ziwirizi sizinakumane chifukwa choti wina anakhala pansi n'kuganiza zoziphatikiza. Zinakumanitsidwa ndi nkhondo.

Kachisi woyamba wa Mazu uyu ankatchedwa Xinxing ndipo anamangidwa m'chaka cha 1746 ku Bangka, dera lakale la m'mbali mwa mtsinje wa Tamsui lomwe lero likutchedwa Wanhua. Anamumanga ndi amalonda amene katundu wawo ankawoloka nyanja pakati pa Taiwan ndi chigawo cha Fujian ku China, anthu amene moyo ndi chuma chawo zinkadalira kuti chombo chifike bwino. Xinxing ankawerengedwa pa akachisi atatu akuluakulu a ku Bangka, pamodzi ndi Longshan ndi Qingshui.

Mu 1895 dziko la China linapereka chilumba cha Taiwan kwa Japan kudzera m'pangano la Shimonoseki, ndipo Ajapani analamulira mpaka 1945. Anabwera ndi zipembedzo zawo. Gulu lachibuda la Shingon, lomwe likulu lake lili paphiri la Koya ku Japan, linamanga kachisi wotchedwa Koboji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamalo enieni pomwe pali Tianhou leropa. Ximending nthawi imeneyo linali dera la Ajapani, la misika ndi nyumba za zisudzo.

Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, boma la Japan linagwetsa Xinxing pofuna kukulitsa msewu pokonzekera mabomba a ndege. Chiboliboli cha Mazu anakachisungitsa ku Longshan. Nkhondo itatha, amonke a Chijapani anabwerera kwawo n'kusiya Koboji, ndipo mu 1948 otsatira a Mazu analowetsa mulungu wawo m'nyumba yosiyidwayo. Tangoganizani: anthu amene boma la Japan linawagwetsera kachisi akulowa m'kachisi wa Ajapani, n'kupezamo woyera mtima wa Ajapaniwo. Akanatha kumutulutsa. Sanatero, anamusiyira malo ake.

Nyumba ya Koboji inapsa ndi moto m'zaka za m'ma 1950, ndipo anthu anamanganso motsatira kamangidwe ka kwawo. N'chifukwa chake simudzaona denga la Chijapani. Dzina lakuti Taipei Tianhou linabwera mu 1967.

Chachitatu: sankhani tsiku ndi ola

Kachisi amatsegulidwa m'mamawa mpaka usiku, ndipo kulowa n'kwaulere. Ine ndimakonda nthawi ya m'mawa, mashopu a ku Ximending asanatsegulidwe. Nthawi imeneyo m'kachisi mumakhala agogo a m'deralo atanyamula zipatso, ndipo mungaone mwambo wonse popanda kukankhana. Madzulo nako kuli kukoma kwake chifukwa nyali zonse zimakhala zitayaka, kungoti anthu ojambula amachuluka.

Pa tsiku loyamba komanso pa tsiku la nambala 15 la mwezi uliwonse pa kalendala yotsata mwezi, opembedza amabwera ambiri. Tsiku lobadwa Mazu ndi la 23 la mwezi wachitatu pa kalendala yomweyo, lomwe limagwa mu April kapena mu May. Ngati mukufuna ng'oma ndi khamu, pitani pamenepo. Ngati mukufuna kuima nthawi yaitali patsogolo pa chiboliboli chimodzi, lipeweni. Kumbukiraninso kuti kuyambira June mpaka September ku Taipei kumatentha koopsa ndipo ndi nyengo ya mphepo zamkuntho.

Chachinayi: kafikidwe kake

Kuchokera pabwalo la ndege la Taoyuan kwerani sitima ya Airport MRT mpaka ku Taipei Main Station. Gulani khadi ya EasyCard, muziikamo ndalama n'kumangoigunditsa pachipata. Pa Taipei Main Station kwerani sitima ya njanji ya buluu yolowera kumadzulo, ndipo siteshoni yotsatira ndi Ximen. Njanji yobiriwira imaimanso pomwepo. M'sitimamo saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu, ndipo amalipiritsa chindapusa.

Tulukirani pakhomo nambala 6, mutsate msewu wa Chengdu. Kachisi ali pa nambala 51, kudzanja lamanja, mtunda woyenda mphindi ziwiri kapena zitatu. Muziyang'ana m'mwamba. Chimene chingakuuzeni kuti mwafika ndi kadenga kokongoletsedwa ndi zinjoka pamwamba pa khomo, ndipo nthawi zambiri fungo la lubani limakupezani musanakaone.

Chachisanu: kalowedwe

Mukalowa mudutsa m'kanjira kokhala ndi nyali zambiri kudenga, kenako mwadzidzidzi mutulukira pabwalo lotseguka, nyumba zazitali zitalizinga mbali zonse. Imani kaye pambali kuti maso azolowere.

M'makachisi a ku Taiwan muli lamulo la makomo. Mukayang'anizana ndi kachisi, mumalowera khomo la kudzanja lamanja, lomwe amati la chinjoka, n'kutulukira la kumanzere, la nyalugwe. Khomo lapakati ndi njira ya milungu. Pomwe pali chiundo chokwera, chidumpheni, osapondapo. Vulani chipewa ndi magalasi adzuwa. Nsapato savula, pokhapokha mutaona chikwangwani kapena nsapato za anzanu zitandandalikidwa pakhomo. Zovala sakhwimitsa kwambiri, koma kabudula wamfupi kwambiri ndi malaya opanda manja n'zosayenera. Mukafuna kusonyeza mnzanu chiboliboli, tambasulani dzanja lonse. Kuloza mulungu ndi chala chimodzi amakutenga ngati mwano.

Ngati ndinu Mkhristu kapena Msilamu ndipo chikumbumtima sichikulolani kugwada kapena kufukiza, palibe amene angakukakamizeni. Alendo ongodzaona amalowa tsiku ndi tsiku. Chofunika n'kusaima pakati pa munthu wopemphera ndi guwa, kutsitsa mawu, ndi kusajambula nkhope ya munthu amene akulira kapena kudandaula kwa mulungu wake.

Chachisanu ndi chimodzi: yambani ndi Mazu

Holo yaikulu ndi yake. Mwambo umati Mazu anali munthu, mtsikana wotchedwa Lin Moniang, wobadwira pachilumba cha Meizhou ku Fujian m'chaka cha 960, yemwe anamwalira mu 987 asanakwatiwe. Asodzi ankati amawapulumutsa ku namondwe, ndipo mafumu a ku China anapitiriza kumukweza maudindo mpaka kumutcha Tianhou, kutanthauza Mfumukazi ya Kumwamba. Mumuona atavala mkanjo wopetedwa ndi chisoti chachifumu chokhala ndi mikanda yolendewera kumaso.

Yang'anani alonda ake awiri, a nkhope zoopsa. Wina waika dzanja pamphumi ngati akuyang'ana kutali, ameneyo ndi Qianliyan, woona zapatali. Mnzake akuloza khutu, ndiye Shunfeng'er, wakumva mawu obwera ndi mphepo. Nthano imati onsewa anali ziwanda zimene Mazu anazigonjetsa n'kuzilemba ntchito yomuuza komwe chombo chikumira.

Amene akufuna kuchita mwambo wa lubani ayambe waona chikwangwani kapena afunse ogwira ntchito kuti timitengo tingati tikufunika, chifukwa chiwerengero chimatsata mbiya zofukizira zimene zili m'kachisi, ndipo akachisi ambiri ku Taipei anachepetsa mbiyazi pofuna kuchepetsa utsi. Yatsani timitengo tonse pamodzi. Lawi likakana kuzima, likupizeni ndi dzanja, osaliuzira ndi pakamwa. Opembedza amayamba atafulatira holo, kuyang'ana kunja kumwamba, kupereka ulemu kwa Mfumu ya Kumwamba imene ili pamwamba pa milungu yonse. Akatero m'pamene amatembenukira kwa Mazu. Amagwira lubani ndi manja awiri, kuwerama katatu, kutchula chamumtima dzina lawo, tsiku lobadwa ndi kumene akukhala, kenako pempho. Pobaya kamtengo m'phulusa ambiri amagwiritsa ntchito dzanja lamanzere, poti lamanja limagwira zambiri zodetsa.

Patebulo lalikulu muona zipatso, mabisiketi ndi maluwa. Zoperekazi sizitsala pamenepo. Mwini wake amadikira kanthawi n'kuzitenganso kukadya kunyumba ngati chakudya chodalitsidwa, ndiye musadabwe kuona mayi akulongedza malalanje m'chikwama. Nanazi amakondedwa chifukwa dzina lake m'chilankhulo cha ku Taiwan limamveka ngati "mwayi ukubwera". Akuluakulu amati magwafa ndi tomato sizoyenera paguwa.

Chachisanu ndi chiwiri: funani Kobo Daishi

Tsopano tembenukirani m'mbali. Pabwalo pali chiboliboli cha mmonke ataimirira, atavala zapaulendo, ndodo ili m'manja. Ameneyo ndi Kobo Daishi, ndipo guwa lake lili m'chipinda cha pambali pa holo yaikulu. Kumuzindikira sikuvuta mukangodziwa kuti milungu ya ku Taiwan imavala zisoti ndi nsalu zagolide, pomwe iye ndi wometa mpala, wovala mkanjo wamba wa amonke. Akamuumba atakhala pansi, kawirikawiri kudzanja lamanja amagwira kachitsulo ka mwambo kokhala ndi nyanga mbali zonse ziwiri, kumanzere mikanda yopempherera.

Dzina lake ali moyo linali Kukai. Anabadwa mu 774 pachilumba cha Shikoku, mu 804 anawoloka nyanja kupita ku China kukaphunzira Chibuda mumzinda wa Chang'an, ndipo atabwerera anayambitsa gulu la Shingon. Mu 816 anayamba kumanga malo opempherera paphiri la Koya, komwe anamwalirira mu 835. Dzina laulemu lakuti Kobo Daishi analipatsidwa ndi mfumu ya Japan mu 921. Otsatira ake samati anafa, amati akusinkhasinkhabe m'manda ake, ndipo mpaka lero amonke a ku Koya amamuperekera chakudya tsiku lililonse.

Khalani pamenepa kanthawi muone anthu. Wa ku Taiwan amafika ndi lubani wake, kuwerama katatu, kunena dzina ndi pempho, chimodzimodzi ndi mmene wachitira kwa Mazu. Kwa iye Kobo Daishi ndi mmodzi wa milungu ya m'nyumba muno. Wa ku Japan amaimirira chete, kuphatikiza zikhatho pachifuwa, mwina n'kunong'ona mawu akuti "Namu Daishi Henjo Kongo", pemphero la gulu la Shingon. Kuwomba m'manja kumene mwina munakuona pa kanema n'kwa m'makachisi a Shinto, chipembedzo china cha ku Japan, pano sikuchitika. Miyambo iwiriyi imachitika paguwa limodzi popanda wina kuwongolera mnzake, ndipo kwa ine chimenechi chimaposa zokongoletsa zonse za padenga. Ubale ndi Japan sunathenso, chifukwa amonke a ku Koya amabwera kudzachititsa mapemphero pano.

Musachoke musanaone timiyala tosemedwa ta Buddha tomwe tili pabwalo. Ku Shikoku kuli ulendo wotchuka wa oyenda m'mapazi a Kobo Daishi, wozungulira akachisi 88. Ajapani okhala ku Taipei, polephera kupita kwawo, anakonza ulendo wofanana nawo m'zaka za m'ma 1920 poimika miyala 88 mumzinda ndi m'mapiri ozungulira. Ulendowo unkayambira pa Koboji, ndipo mwala woyamba ndi wachiwiri zikusungidwa pano. Yambiri mwa inzake inasowa kapena inamwazikana. Iwiri ya panoyi siili yonyezimira, n'chifukwa chake alendo ambiri amaipitirira. Mukalephera kuipeza, lembani dzina lakuti Kobo Daishi pafoni musonyeze wogwira ntchito. Paja kufunsa ndi kudziwa njira.

Palinso katundu amene anapulumuka ku Xinxing, monga belu lachitsulo la m'zaka za m'ma 1700. Limeneli ndi lakale kuposa Koboji, ndipo ndi umboni woti Mazu anafika pano ngati wosamuka, atanyamula zake.

Chachisanu ndi chitatu: maguwa enawo

Awa mutha kuwayenda mofulumira. Guanyin ndi mulungu wachifundo, ndipo Ajapani amamudziwa ndi dzina lakuti Kannon. Kwa Zhusheng Niangniang kumapita ofuna mwana. Kwa Wenchang kumapita ana asukulu, ndipo nyengo ya mayeso amasiyako makope a ziphaso zawo zolembera mayeso. Guan Gong, wa nkhope yofiira ndi ndevu zazitali, ndi wa amalonda. Weramani pang'ono muone Huye, mulungu wa nyalugwe, yemwe malo ake amakhala m'munsi ndipo anthu amamupatsa mazira aawisi. Mukakwera masitepe mufika kuholo ya Mfumu ya Kumwamba. Kwerani ndithu, chifukwa kuchokera pamwambapo denga limaoneka pafupi, ndi zinjoka zake zopangidwa ndi tizidutswa ta mbale zamitundumitundu, kumbuyo kwake kuli makoma a nyumba zamakono.

Chachisanu ndi chinayi: phokoso la timatabwa pansi

Nthawi yonse muli m'katimo muzimva kuti khwa! khwa! pasimenti. Ndi timatabwa tiwiri tofiira, topindika ngati mwezi wongooneka kumene, mbali imodzi yafulati ina yotukuka. Amatitcha jiaobei, ndipo ndi njira yofunsira mulungu funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi. Munthu amatigwira m'manja, kunena funso, n'kutigwetsa. Kena kakagwa chagada kena chafufumimba, yankho ndi inde. Tonse tikagwa mbali yotukuka ili pamwamba, ndi ayi. Tonse tikagwa mbali yafulati ili pamwamba, amati mulungu akuseka, kutanthauza kuti funso silinamveke kapena wofunsayo akulidziwa kale yankho.

Pafupi pamakhala chitini chachitali cha timitengo tokhala ndi manambala. Wofuna malangizo amasolola kamodzi, n'kufunsa ndi timatabwa tija ngati kali koyenera. Pa nkhani yaikulu amafuna inde atatu otsatizana. Akatero amakatenga kapepala ka nambala yomweyo m'kabati, pomwe palembedwa ndakatulo yachitchaina, ndipo ikamuvuta amapita nayo kwa womasulira. Mlendo saletsedwa kuyesa, koma musatenge timatabwati n'kumaponya mwachibwana pofuna chithunzi. Amene ali pambali panuyo mwina akufunsa za opaleshoni ya mayi ake.

Potuluka, ngati mwakondwa, ponyani kangachepe m'bokosi la zopereka. Amene watenga kachikwama kofiira kachitetezo amakazunguliza katatu pa utsi wa m'mbiya asanakaike m'thumba.

Pomaliza: onjezerani ulendo ngati miyendo ikulola

Tsidya la msewu, kufupi ndi siteshoni, pali Red House, nyumba ya njerwa zofiira ya makona asanu ndi atatu yomwe Ajapani anamanga mu 1908 ngati msika. Mukatsika ndi msewu wa Zhonghua chakummwera mufika pabwalo la Nishi Honganji, pomwe panali kachisi wina wamkulu wachibuda wa Ajapani. Holo yake inapsa mu 1975. Kunatsala maziko, nsanja ya belu yokonzedwanso, ndi nyumba ya wansembe yomwe lero amagulitsiramo tiyi. Kumeneko mapemphero anatha, ndipo mukayerekeza ndi Tianhou muona kusiyana kwa malo osungidwa ndi boma ndi malo osungidwa ndi opembedza.

Kuchokera pamenepo mutha kuyenda wapansi kulowa ku Wanhua, kudzera ku Qingshui ndi msewu wakale wa Guiyang, kufupi ndi pomwe Xinxing anali, mpaka ku Longshan. Otopa akwere sitima ya njanji ya buluu, ndi siteshoni imodzi yokha kuchokera pa Ximen. Longshan anamangidwa mu 1738, ndipo ndi kumene Mazu wa ku Tianhou anasungidwa kuyambira 1943 mpaka 1948, m'zaka zomwe holo yaikulu ya kachisiyo inaphulitsidwa ndi mabomba a ndege za America mu 1945. Ndi wamkulu kwambiri kuposa Tianhou, choncho mupatseni ola lathunthu. Lubani musatengere kumeneko, chifukwa ku Longshan anasiya kufukiza mu 2020 ndipo opembedza amangophatikiza manja.